Pepala Lokulungira Sopo

Kusukulu ya makalaliki a m'makhonsolo,
Blantyre
13 Januwale 1985

Achemwali a Evelesi,

Ndikhulupirira muli bwino nonse kwa Mlolo uko, inuyo, mayi ndi alamu a Imelda. Ine ndinafika bwino. Kuno kumazizira ngakhale dzinja lino, ndipo anzanga amandiseka kuti munthu wa kuchigwa ndimavala juzi iwo akutuluka thukuta.

Tilipo makalaliki makumi awiri ndi anayi ochokera m'makhonsolo osiyanasiyana, ndipo kosiyi ndi ya miyezi isanu. Amene akhoze adzapatsidwa ofesi yakeyake ndi anthu owayang'anira. Mukudziwa kuti ndakhala patebulo limodzimodzi lija zaka zisanu ndi zinayi, ana amene ndinawaphunzitsa kugwira chidindo akundidumpha, choncho mwayi uwu sindikufuna kuuseweretsa. Akutiphunzitsa kuyendetsa msonkhano, kulemba zokambirana, kusunga mafayilo, mpaka kaimidwe polankhula ndi akuluakulu. Sabata yathayi inali ya mafomu a kubadwa, a ukwati ndi a imfa. Aphunzitsi athu amayenda ndi wotchi m'manja. Fomu imodzi ndi mphindi zinayi, ukachedwa amakuwerengera mokweza kalasi yonse ikumva.

Kalatayi sindinaike kupositi. Ndapatsira mai Molly a nsomba aja, amene amakwera sitima ya Lachiwiri pobwerera ku Makhanga, choncho ndifunse momasuka. Kodi palibe chamveka cha achimwene a Ignasio? Chaka chino ndi chachisanu ndi chiwiri chiwatengereni Landirova ya apolisi ija pamsika wa thonje. Ndikapita ku Limbe Loweruka ndimangoyang'ana nkhope za anthu. Dzulo ndinatsatira bambo wina kuchokera kumsika mpaka kusiteshoni chifukwa cha mayendedwe ake, atatembenuka ndinachita kupepesa.

Ndatumiza sopo ndi mankhwala a maso a mayi. Ngati mungathe, munditumizireko milamba yowamba. Ndiwo za kuno ndi nyemba m'mawa ndi madzulo.

Ine mlongo wanu,
Fernando


Kwa Mlolo
27 Januwale 1985

Fernando mlongo wanga,

Tili moyo, ndikhulupirira iwenso uli bwino. Katundu tinalandira, ndi uthenga womwe.

Ndikumasula sopo ndinaona kuti pepala limodzi mwa okulungira lili ndi chidindo cha boma. Chizungu changa n'cha Sitandade 6, koma dzina la mlongo wanga sindingaliphonye. Ignasio Semba, mudzi wathu, mfumu yathu, chaka chobadwa. Ndinalitengera kwa akatekisi kuti ndisadzinamize ndekha, ndipo anandiwerengera kawiri: anamwalira pa 9 Novembala 1984, ndi malungo.

Ndamvetsa chifukwa chake m'kalata unafunsa ngati sukudziwa kanthu. Zikwama amazipisa ngakhale m'sitima, ndipo nkhani yotere munthu sailemba poyera. Dzanja ndi lako, ndaliona. Unapeza fayilo yawo kumeneko n'kukopera, unaika moyo wako pachiswe chifukwa cha ife. Ndakhala ndikukunena kuti ndiwe wamantha ngati nkhuku yonyowa. Mawu amenewo ndawabweza.

Mayi ndinawauza Lachinayi. Sanalire. Anangofunsa kuti, "Malungo okha? Sanam'menye mwananga?" Nditati pepala likuti malungo, anati, "Takhuta Mulungu." Ukudziwa kuti zaka zonsezi, dzuwa likafika pamutu, amakhala pakhonde n'kumati akumuona akubwera m'njira ya kudimba, ife n'kumati ndi maso awo odwalawo. Tsiku limenelo anakhalanso pomwepo mpaka chithunzi chinawapitirira.

Alamu a Imelda anamva ali chiimire. Anatenga khasu n'kupita kumunda, anabwera dzuwa litapendeka alibe pomwe alima. Mkazi ameneyu anakhala pabanja ndi achimwene miyezi isanu ndi itatu yokha, wadikira zaka zisanu ndi ziwiri, wopanda mwana womusangalatsa. Ndimamumvera chisoni kuposa mmene ndikudzimvera ndekha.

Akulu agwirizana kuti maliro achitike pa 9 Febuluwale. Mtembo palibe, ndiye tiika thunthu la nthochi monga tinachitira ndi amalume aja anamira mu Shire. Usabwere, angakufunse kusukuluko kuti wadziwa bwanji. Ngati uli ndi kangachepe tumiza tigule nsalu.

Mvula yakula, Ruo wayamba kulira. Sindikudziwa ngati mai Molly anyamuke sabata ino.

Ndine
Evelesi


Blantyre
10 Febuluwale 1985

Achemwali,

Moni nonse. Mwezi ukutha osamva chilichonse kuchokera kwa inu. Pawailesi akuti madzi atseka njira kuchigwa, ndipo mai Molly sanaoneke pamsika masabata atatu. Kalatayi ndasiyira mayi amene amagulitsa nawo benchi limodzi. Kodi nyumba yaima? Mbewu zakudimba zapulumuka?

Kuno tayamba phunziro la kayendetsedwe ka misika ndi kuweruza madandaulo a anthu. Ndikukhoza bwino, ndili pa nambala yachiwiri.

Pali kanthu kamodzi kamene kakundisowetsa mtendere. Atiuza kuti tisonkhanitse mapepala onse amene tinayeserera m'kalasi, tiwasoke mufayilo imodzi, ndipo langa limodzi likusowa. Ndafufuza mubokosi, pansi pa matiresi, paliponse. Ndakumbuka kuti tsiku lomanga katundu wanu ndinali pachangu, ndinangotola mapepala amene anali patebulo. Mukaona pepala lachidindo m'zokulungira sopo, musavutike n'kuliwerenga ndipo musaonetse munthu. Ndi zoyeserera za m'kalasi, si zenizeni. Liwotcheni.

Mundiyankhe msanga kuti mtima ukhale pansi.

Fernando


Kwa Mlolo
17 Febuluwale 1985

Fernando,

Moni. Sitima sinayambebe kuyenda, kalata yanga yoyamba idakali m'chikwama cha mai Molly ku Makhanga, ndipo yako ina sindinalandire. Ndikulembabe kuti ndisaiwale, udzawerengera pamodzi.

Achimwene tinawaika. Madzi anali atazinga mudzi, ndiye kumanda tinapita pa mabwato atatu. Thunthu la nthochi tinaliveka malaya awo a ukwati, tinalikulunga mumphasa. Linali lopepuka, mwana akanatha kulinyamula, koma adzukulu anayi analisenza akuyenda pang'onopang'ono, akupumira m'njira monga amachitira ndi munthu. Apa m'pamene ndinalira. Akatekisi anapemphera. Anthu amene zaka zonsezi ankaopa kutchula dzina la achimwene analitchula mokweza, ngakhale apampando a chipani anabwera n'kukhala pansi ngati wina aliyense.

Tinameta tsiku lachitatu. Akulu ena anayamba kunong'ona za kupita kufa, mwambo uja woti alamu agone ndi mwamuna wina kuti achotse imfa, mayi anawakalipira kuti mwana wa eni wavutika mokwana, nkhani inathera pomwepo.

Ndikuuze chodabwitsa. Mayi asiya kukhala pakhonde masana. Akuti samuonanso, wapumula. Akudya, ndipo dzulo anakangana ndi a kwa Estere chifukwa cha nkhuku zimene zinalowa m'mapira. Mawu amenewo ndinali nditawaiwala.

Amalume awo a alamu abwera kudzapepesa, ndipo sanabise chimene chili kumtima kwawo. A Antonio aja, kapitawo wa kumunda wa nzimbe amene mkazi wawo anamwalira, akhala akufunsira alamu zaka zitatu. Ansembe ankakana, amati popanda umboni wa imfa sangadalitse ukwati wina. Tsopano umboni ulipo. Pepala lija ndawapatsa ansembe, alisunga.

Unachita chinthu chachikulu, mlongo wanga. Watimasula tonse.

Evelesi


Blantyre
7 Malichi 1985

Achemwali a Evelesi,

Sindikudziwa kuti ndikupatseni moni wotani. Makalata anu awiri ndalandira dzulo nthawi imodzi. Ndinawerengera pamsika pomwepo, mai Molly anachita kundikhazika pa dengu.

Achimwene sanamwalire. Kapena ndinene kuti sindikudziwa ngati anamwalira. Palibe fayilo imene ndinaona. Pepala lija ndinalemba m'kalasi, mphindi zinayi, wotchi ikuyenda. Chidindo n'chakale chimene timaphunzirira, ndipo saini ili pansiyo ndi ya aphunzitsi.

Tsiku limenelo anatiuza kuti, "Musapeke munthu. Lembani amene mukumudziwa pamtima, kuti dzanja lisaime." Anzanga analemba agogo awo amene anapita kale. Ndikanakonda kukuuzani kuti ine sindinaganize, kuti ndinangoona dzina lili kale papepala. Koma ndinaganiza. Kanayi konse dzina langa linachotsedwa pamndandanda wa okwezedwa chifukwa ndine mng'ono wa munthu wotengedwa. Ndinatopa nawo, achemwali. Ndinatopa kudikira munthu amene sakubwera komanso sakuchoka. Tsiku la imfa ndinalembalo, 9 Novembala, ndi tsiku limene ndinalandira kalata yondiitana kukosi kuno. Aphunzitsi anaimika pepalalo kutsogolo n'kunena kuti fomu ya imfa izilembedwa chonchi, ndipo anzanga anandiombera m'manja.

Chiyambire tsiku limenelo, akamaitana maina m'mawa n'kufika pa Semba, ndimachedwa kuyankha. Ndimamva ngati wina ayankha kumbuyo kwanga.

Chonde auzeni mayi ndi alamu. Katengeninso pepalalo kwa ansembe, koma mwakachetechete. Likafika kuboma, sadzangondichotsa sukulu. Ndinatulutsa fomu yodinda, ndipo ndinalembapo dzina la munthu amene boma silinanene kuti likumusunga. Mukudziwa kumene zotere zimathera.

Ndachimwa, ndipo sindikupempha kuti mundikhululukire lero.

Fernando


Kwa Mlolo
17 Malichi 1985

Fernando,

Tili moyo. Za iwe sindifunsa, ukudya nyemba zako.

Makalata ako onse awiri afika, ya "liwotcheni" ndi inzakeyo. Ndinakawerengera kuseri kwa nkhokwe, ndipo ukanakhala pafupi ndikanakuswa ndi munsi. Tinameta mitu, tinapalasa mabwato m'madzi a ng'ona, mayi anagwada m'matope kutsanzikana ndi nthochi, chifukwa iwe unkafuna kuomberedwa m'manja. Mawu aja ndinabweza aja ndawatenganso.

Ukuti ndiwauze. N'zosavuta kulemba uli ku Blantyre. Katatu ndakhala pansi ndi mayi kuti ndiyambe. Kachitatuko anali akusoka, akuimba nyimbo ya Chisena ija ankatiimbira tili ana. Ndinawafunsa za singano n'kutuluka.

Ukuti ndikatenge pepala mwakachetechete. Ansembe analimata m'buku la maukwati, ndipo alengeza kale kamodzi m'tchalitchi. Kuti alichotse ndiyenera kunena kuti n'labodza, ndipo adzafunsa kuti analemba ndani. Mudzi wonse unali pamaliro. Apampando aja adzafuna kudziwa amene anawakhazika pansi pamaliro a nthochi. Ndikatsegula pakamwa, ndapereka mlongo wachiwiri.

Alamu tsitsi layamba kumera. Anenepako, akuseka ndi anthu pachitsime. Lachisanu tikusenda chinangwa anandifunsa mwakachetechete kuti, "Alamu, kodi ndikulakwa?" Ndinati simukulakwa. Pakamwa panga pomwepa.

Mwina unalemba zoona osadziwa. Ndani anabwerako atatha zaka zisanu ndi ziwiri? Ndimadziuza zimenezi tsiku lililonse, koma masana ndikamachokera kudimba ndayamba kucheuka m'njira muja. Mayi anasiya, ndayamba ine.

Ukwati ndi wa pa 25 Meyi. Iwe ndiye ukuphunzira kukonza mapepala. Bwera udzakonze ili, udzaime pamaso pa mayi ndi alamu wekha. Ine ndekha sindingathe.

Evelesi


Blantyre
31 Malichi 1985

Achemwali,

Moni kwa nonse. Mawu anu onse ndawalandira, ndi oyenera.

Ndinapita kwa akulu a sukulu kukapempha masiku anayi. Anandionetsa lamulo lake: wojomba masiku awiri amabwerera kwawo, ndipo khonsolo yake siimutumizanso. Anandifunsa ngati kwagwa maliro. Ndinati ayi.

Ndaganiza chonchi. Mayeso akutha pa 17 Meyi. Ndidzakwera sitima ya pa 21, ndifika kukadali masiku anayi ukwati usanachitike. Ndidzapita ndekha kwa ansembe, ndikalankhula nawo muulapi kuti nkhani isatuluke, ndipo adzapeza chifukwa china choimitsira. Pamenepo ndidzakhala ndili ndi satifiketi m'manja, mawu anga adzalemerako. Mwinanso ndili paudindo ndingathe kufunsa za achimwene m'maofesi amene lero sangandilole n'kukhala pabenchi.

Musaone ngati ndikuthawa. Ndi masabata asanu ndi awiri okha. Pepala losowa lija ndalembanso lina kuti fayilo ikwane. Ulendo uno ndalemba dzina la agogo.

Mundiuze mmene maso a mayi alili.

Fernando


Kwa Mlolo
5 Meyi 1985

Fernando,

Moni. Maso a mayi ali bwinoko.

Usavutike ndi sitima ya pa 21. Ukwati wachitika dzulo. Kumunda wa nzimbe ayamba kudula msanga chaka chino, a Antonio anauzidwa kuti kumapeto kwa Meyi sadzapatsidwa tchuthi, ndiye anaubweza kufupi. Ndinadziwa kutatsala masiku asanu ndi anayi. Ndikanatha kukutumizira telegalamu. Ndinafika mpaka pakhomo la positi, ndinaima, ndinabwerera. Usadzanene kuti unachimwa wekha.

Mayi ndiwo anawaperekeza alamu mpaka pa lole, anawapatsa mphika ndi mbuzi yaikazi. Ansembe atafunsa ngati pali wodziwa choletsa, ndinayang'ana pansi n'kumawerenga njerwa.

Lemba bwino mayeso ako.

Evelesi


Kwa Mlolo
14 Julaye 1985

Fernando,

Moni. Sunabwere pa 21 Meyi, sunalembenso. Kalatayi ndapatsira mai Molly, akuti akudziwa kumene kuli ofesi yako yatsopano ku Chikwawa.

Achimwene abwera.

Anawatulutsa ndi anzawo ena pa chikondwerero cha ufulu sabata yathayi, anawapatsa tikiti ya sitima basi. Anatsika ku Makhanga Lachiwiri n'kuyenda wapansi. Anafika masana. Amayi pachitsime anasiya ndowa n'kuthawa. Awonda, mano akutsogolo palibe, tsitsi layera, koma mayendedwe ndi omwe aja.

Mayi anali akupeta pabwalo. Anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anatembenukira kwa ine n'kunena kuti, "Evelesi, wayambanso kubwera. Tinamuika bwino, akufunanso chiyani?" Achimwene anagwada n'kuwagwira phazi. Mayi anachotsa phazilo, analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Mpaka lero sanawalankhule. Chakudya amawaikira pansi pa mtengo, osawayang'ana.

Akulu akuti achimwene sangagone pamudzi mpaka manda atafukulidwa ndi nthochi ija kuchotsedwa, koma palibe amene akufuna kuyamba kukumba. Akugona m'khitchini mwa akatekisi. Lachinayi anandipempha kuti ndikawaonetse manda awo. Anaima, anawerenga pamtanda, kenako anagwada n'kuzula udzu.

Za alamu ndinawauza tsiku lomwelo. Anangofunsa ngati mwamunayo samenya. Nditati ndi munthu wofatsa, anati tisawavutitse alamuwo, tisawaitanitse. Koma uthenga wafika kale kumeneko. Akuti alamu sakudya, ndipo ali ndi pakati.

Dzulo achimwene anapita kwa ansembe kukapempha kuti aone pepala limene linawapha. Ndinawatsatira. Ansembe anali atasokonezeka, akunena zolembera kwa abishopu ndi kuboma kuti afufuze gwero lake. Achimwene anawerenga pepalalo pang'onopang'ono, chala chili pamzere. Atamaliza anauza ansembe kuti asalembere aliyense. Anati kumene anali kuja anthu ankafa ambiri, maina ankasokonezeka, ndipo wolembayo ayenera kuti analakwitsa chabe. Anati nkhani ithere pomwepo.

Pobwerera tinafika pa mlatho wa mitengo uja. Sanandifunse kuti analemba ndani, ndipo ine sindinanene. Anaima n'kundiuza kuti, "Fernando umuuze asaope, sindidzatchula kwa munthu. Ungomufunsa ngati anakhoza."

Ine ndikudziwa kuti unakhoza, mai Molly anandiuza kuti unali woyamba. Sindinawauze. Udzawayankhe wekha.

Evelesi